Pepala la pa Tsiku la Chiliza

Sara anapsa mtima ataona pepala limene Kalisto, mwini kashopu kotayipa ndi kusindikiza pa Madisi, anamutulutsira. Inali mbiri ya malemu amayi ake, yoti bambo ake, a Stefano, akawerenge Loweruka pa mwambo wa chiliza. Kalisto anali atailemba ndi zilembo zakale zija za m'mabuku, zokhala ndi timichira kumutu ndi kumapazi.

Kalisto anayesa kumufotokozera kuti timichirato timatsogolera diso kuti lisasochere pamzere, n'chifukwa chake Baibulo ndi nyuzipepala zimalembedwa choncho, ndipo maso a akuluakulu anazolowera zomwezo. Koma mtsikana wa Fomu 3 akaganiza kuti akudziwa, mungolankhula ndi khoma.

"Amayi anga si nkhani ya m'nyuzipepala," anatero Sara akugogoda tebulo. Analoza zilembo zopindikapindika, za pa makhadi a ukwati, ndipo Kalisto anasindikiza pepala latsopano ndi zilembozo.

A Stefano sukulu analekezera Sitandade 4, ndipo abale a akazi awo, banja la aphunzitsi, sankaiwala zimenezo ngakhale tsiku limodzi. Mwezi wathunthu a Stefano anakhala akuyeserera mbiriyo m'kope la Sara, chala chili pamzere, kuti ulendo uno awerenge okha pamaso pa onsewo. Pepala latsopanolo Sara anawapatsa m'mawa wa Lowerukalo, lili mu envulopu, kuti akaone kukongola kwake kumanda komweko.

Kumanda, a Stefano anatchula bwinobwino dzina la akazi awo, kenaka anaima. Anabweretsa pepala pafupi ndi maso, n'kulitalikitsanso. Zilembo zinali zitakolanakolana ngati mphukira za maungu, ndipo chala chawo chinasowa poyambira. Kumbuyo wina anatsokomola dala.

"Bweretsani kuno, alamu," anatero a Gideoni, malume ake a Sara. "Tinanena kale kuti izi si zanu."

Nawonso, ndi magalasi awo omwe, anawerenga mopunthwapunthwa, koma mphunzitsi akapunthwa anthu amati ndi dzuwa lamuthobwa m'maso.

Alendo atabalalika, Sara anapeza bambo ake kuseri kwa chigafa cha fodya, ndipo anayamba kulalata kuti a Gideoni ndi odzikuza, opanda ulemu, onyoza anthu ngakhale pamanda. A Stefano anamudula ndi dzanja. Maso awo anali ofiira, ndipo Sara anali asanawaonepo atakwiya chotero.

"Amene wandivula pagulu lero si alamu anga ayi," anatero. "Mbiri ija ndikanatha kuinena pamtima. Koma ndimafuna amayi ako andimve ndikuwerenga, kamodzi kokha."

Sara anakumbukira zilembo zopindikapindika zimene anasankha yekha zija. Bambo ake anamudutsa n'kupita kukabweza mabenchi a tchalitchi.