Zacheus Sanaweruke

Linali Lachinayi, chaka cha 2008, mdima utayamba kufulumira monga umachitira kuno nyengo yozizira ikayandikira. Ndinali pamaliro ku Thamesmead, mu London muno, m'fulati ya malemu Zacheus. Mawa lake thupi linkakwera ndege kupita ku Zimbabwe.

Zacheus ndi amene anandilowetsa ntchito. Tonse tinabadwira pa mafamu a fodya ku Banket, ku Zimbabweko, makolo athu anachokera ku Ntcheu, ndipo ankanditchula mphwake. Tinkayendetsa mavani okoka thirela, kunyamula matenti ndi mipanda yachitsulo ya pa zochitika. Anamwalira ndi mtima m'yadi ya kampani, atakhala pachiwongolero, injini ikulira.

Akazi awo, a Mabel, anali kulongedza katundu wa malemu m'sutikesi: nsapato, Baibulo, jekete la kutchalitchi. Atandiona anandikokera kukhonde.

"Alamu, khadi lawo lija la m'galimoto lili kuti?"

Ndifotokoze za khadili. Vani ikakoka thirela, kulemera kumapitirira mlingo, ndiye boma limaiona ngati lole. Amaikamo kamakina kotchedwa takogirafu, kowerenga maola a dalaivala. Dalaivala aliyense ali ndi khadi lake, la dzina ndi chithunzi. Ukalowetsa khadi, wayamba ntchito. Ukalitulutsa, waweruka. Maola akatha, lamulo limati upume, ufune usafune.

"Abwana akuti linasowa," ndinayankha.

"Silinasowe ayi. Usiku ulionse akumabwera kutulo atavala jekete lachikasu la kushifiti lija. Sakulankhula. Akungopisa m'matumba." Anandigwira dzanja. "Kwathu munthu sapita theka, alamu. Khadilo lilowe m'bokosi, bambo aweruke."

Ndinalonjeza. Pakamwa ndi pamsewu, chilichonse chimadutsapo.

Ndisanavale n'komwe nsapato, foni inalira. Anali a Killian, abwana athu, munthu amene ankamwetulira pokhapokha akafuna kanthu. Vani yodzaza mipanda inali ku Wembley, dalaivala wake wadwala. Ndinawauza kuti maola anga a sabata imeneyo atha.

"Za maola undisiyire ine," anatero m'Chingerezi chawo chothamanga. "Bwera. Kapena usadzabwerenso."

Kwa eni kulibe mkuwe. Ndinakwera basi, kenako sitima ya Jubilee, mtima ukundiwawa njira yonse.

Ndinapeza vani ili kuseri kwa bwalo lamasewero, thirela itamangidwa kale, injini ikulira. A Killian anatsegula chitseko, nandikankhira mkati ngati thumba la chimanga.

"Khadi lako sunga. Muli lina kale."

Anamenya chitseko, n'kumapita. Ndinanyamuka. Nditalowa mumsewu waukulu wa North Circular m'pamene ndinayang'ana pa kamakina kaja. Kagalasi kake kanali kuwala mobiriwira, dzina likuoneka bwinobwino.

Linali la Zacheus.

Ndinapsa mtima, ndinatukwana ndekha m'galimotomo. Kenako ndinasangalala. Khadi lija ndi ili! Ndingoima, ndilitulutse, ndipite nalo kwa a Mabel. Koma kamakina kameneka kali ndi khalidwe lake. Sikalavula khadi galimoto ikuyenda. Iyenera iime kaye, matayala ati zii.

Ndinadikira maloboti ofiira. Oyamba anasanduka obiriwira ndisanafike. Achiwiri chimodzimodzi. Achitatu, achinayi. Amene anayendetsapo mu London akudziwa kuti zimenezi sizichitika ngakhale kwa ambulansi.

Ndinaona malo oimapo kumanzere. Ndinaponda mabuleki. Phazi linalowa mpaka pansi, koma vani sinamve. Thirela inkandikankha kumbuyo pang'onopang'ono, mosapsa mtima, ngati munthu wokuperekeza atakugwira pamsana.

Apa m'pamene ndinamva fungo. Zacheus ankakonda kupaka mankhwala a mphepo m'mabondo, onunkhira ngati bulugamu aja. Tinkamuseka kuti akununkha chipatala. Fungolo linadzaza m'galimoto monse. Ndinatsitsa windo, koma silinachoke.

Mpando wa kumanzere unalira, kwii, ngati wakhalapo munthu wolemera.

Sindinayang'ane. Maso anga anali pamsewu. Ndinayamba Atate Wathu, ndinasokoneza pakati, ndinayambiranso.

Pamphambano yopita ku Blackwall, njira ya kwathu, ndinakhotetsa chiwongolero. Chinabwerera chokha m'manja mwanga. Tinadutsa. Tinalowera kunja kwa mzinda, mpaka mu M25, msewu wozungulira London uja, wopanda mutu wopanda mchira. Mvula inayamba kuwaza. Mawaipa anayaka okha.

Kenako kamakina kanayamba kuphethira, chizindikiro chakuti dalaivala wapitirira maola ake, apume. Kanaphethira, kanaphethira. Ndipo pa dashibodi panamveka kugogoda kuwiri, go go, kwa mphete. Zacheus ankatero akafuna kuti ndimumvetsere.

"Goodwell."

Dzina langa, m'mawu ake enieni, otsika, okhala ngati ali ndi chimfine.

"Achimwene," ndinayankha.

"Mphwanga, ndatopa."

"Ndikufuna kuima, achimwene. Ikukana."

Ndinkangomva matayala pa madzi, ndi unyolo wa thirela ukugunda chitsulo kumbuyo.

"Inenso ikundikana," anatero.

Mantha anga anasanduka chisoni, ndipo ndinalira ngati mwana. Ndinkayesa kuti iye ndiye wagwira galimoto. Ayi ndithu. Tonse awiri tinali okwera chabe. Ndinayang'ana pagalasi la m'mbali kuti ndisayang'ane pampando, ndipo mmenemo ndinaona phewa la jekete lachikasu, lonyowa, ngati la munthu amene wagwira ntchito pamvula masiku ambiri.

Sindikudziwa kuti tinazungulira kangati. Zikwangwani zomwezo zinkabwera n'kupita. Muvi wa mafuta sunatsike. Foni yanga inali m'thumba, koma manja anakana kusiya chiwongolero. Zacheus sanalankhulenso, kupatula kamodzi, pafupi ndi mlatho wa Dartford, pamene anafunsa motsitsa kuti, "Mabel wadya?"

Kum'mawa kutayamba kuyera, ndinaona magetsi kutsogolo. Anali anthu aboma oyendera malole pamsewu, ataimika magalimoto pamalo awo oyezera. Mayi wina wovala chipewa anakweza dzanja. Vani inachepetsa liwiro yokha. Inakhota bwino, thirela n'kutsata mowongoka, mmene Zacheus ankaimikira, osati mmene ndimaimikira ine. Inaima.

Ndinalumphira pa batani lotulutsira khadi. Ndinadina, ndinadinanso. Kamakina kanangoti duu.

Mayi uja anatsegula chitseko, naunika ndi tochi pampando wa kumanzere.

"Mnzanu uja wapita kuti? Munali awiri."

"Ndili ndekha, mayi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatambasula dzanja, nadina batani lomwe lija kamodzi kokha. Khadi linatuluka mofatsa. Analiyang'ana, anayang'ana nkhope yanga, nasindikiza kapepala ka maola m'kamakinamo. Kanatuluka kataliatali, mpaka kukhudza pansi.

"Munthu uyu wayendetsa usiku ulionse sabata yonse yathayi. Sanapume. Ali kuti?"

"Ali m'bokosi, mayi. Akukwera ndege lero."

Ndinaona nkhope yake ikusintha. Sanali munthu woipa. Anandipatsa tiyi wa m'fulasiki yake. Koma khadi analiika m'kapulasitiki, namata pakamwa pake, nalembapo nambala.

Ndinagwada pa phula lonyowalo, ine bambo wamkulu. Chingerezi chinandithawa. Ndinamuuza za a Mabel, za sutikesi, za bokosi. Ndinati atenge laisensi yanga, anditsekere ngati akufuna, koma khadi andipatse kwa tsiku limodzi lokha.

"Pepani," anatero. "Uwu ndi umboni tsopano. Sungachoke m'manja mwathu mpaka mlandu utatha. Ukatha, khadi limabwerera kumene linachokera."

"Mwini wake akulifuna."

"Mwini wake anamwalira, bambo."

Ndege inanyamuka madzulo ake. Ine ndinali ndikuyankhabe mafunso. Kampani ya a Killian inatsekedwa chaka chisanathe, mavani anagulitsidwa, yadi inasanduka malo otayako matiresi akale. Ine ndinasiya zoyendetsa, pano ndimatsuka mabasi. Khadi lija sindinalionenso, ndipo palibe ofesi imene inandiuza kumene lili.

Anthu a m'mafulati oyandikana ndi yadi ija amati kukamacha amamva vani ikubwerera m'mbuyo, unyolo ukugunda chitsulo, koma akasuzumira saona kanthu. Azungu amati ndi mphepo ya mumtsinje. Athu a kutchalitchi amanong'ona zina. Amati munthu anaikidwa m'manda asanaweruke, ndipo amene anamulemba ntchito kulibenso woti amuuze kuti basi.

A Mabel anabwerako kumaliro patapita mwezi. Ndinakawaona, ndinawauza zonse, kuyambira ku Wembley mpaka kapulasitiki kaja. Sanandikalipire. Bwenzi zili bwino akanandikalipira. Anangofunsa ngati analankhula.

"Anafunsa ngati mwadya," ndinatero.

Anayang'ana pawindo, kumene mabasi ankadutsa.

"Akumabwerabe," anatero. "Jekete lija layamba kung'ambika m'zigongono. Nanga alamu, adzapuma liti?"