Maikolofoni Awiri Amene Ndinabisa

Ine ndi mkazi wanga tinakumana pa ntchito ya nyimbo. Iye ankaimba, ine ndinkanyamula masipika ndi kulumikiza mawaya. Anthu ankanditchula kuti Injiniya ngakhale sukulu ndinaisiyira panjira. Chimene ndinali nacho ndi makutu basi. Waya akaduka mkati, ine ndinkamumva ena onse asanadziwe.

Titakwatirana tinatsegula situdiyo yojambulira nyimbo, tinachita lendi zipinda zinayi kuseri kwa sitolo ya mipando: cha makina, chojambuliramo, kakhitchini, ndi kachipinda kosungiramo zida. Masiponji a m'makoma otchinga phokoso tinamata tokha, iye akupaka guluu, ine ndili pamakwerero, mwana wathu wamkazi ali mtulo m'katoni ya sipika. Guluu ankatimata zala, tikagwirana manja osalekananso, ndiye n'kumaseka ngati ana. Ndikakumbukira zimenezi malovu amandiwawa m'kamwa, chifukwa amene anawononga zonsezo si mdani wochokera kunja ayi. Ndine.

Kabokosi kathu kakale kojambulira mawu kankalandira maikolofoni awiri okha, moti gulu likabwera tinkajambula mmodzimmodzi mpaka anthu kutopa. Chaka chachisanu ndi chimodzi chitsegulireni situdiyo tinagula konveta. Ndi bokosi lachitsulo lopyapyala limene limalandira mawu a maikolofoni asanu ndi atatu nthawi imodzi n'kuwapereka ku kompyuta. Mkulu wogulitsa zida, bambo wa imvi wokonda kulalata, anabwera yekha kudzatiikira. Analimanga pa shelefu ndi masikuluwu anayi, n'kulilumikiza ku kompyuta ndi chingwe chimodzi.

"Tamverani, Injiniya," iwo anatero. "Bowo lililonse kumbuyoku ndi tchanelo. Zimene zalowa pa tchanelo imodzi sizisakanikirana ndi zinzake, kompyuta imazisunga pazokhapazokha. Liwiro la bokosi ndi la kompyuta lifanane, apo ayi nyimbo izingothetheka ngati nkhuni zaziwisi. Kanyali kakafiira, chepetsani. Ndipo matani kapepala pa waya aliyense, mulembe dzina. Ndaona madolo akulira chifukwa cha ulesi wolemba."

"Nanga kabatani aka?" anafunsa mkazi wanga.

"Aka, mayi, mukakadina, matchanelo ena onse amakhala chete, mumamva imodzi yokha. Kabwino pofufuza amene akuimba zabodza."

"Ndiye ndapulumuka," anatero iye. "Bambo awa amati wolakwitsa ndi ine nthawi zonse."

Tinaseka tonse. Madzulo ake ndinalemba timapepala. Ng'oma zinatenga matchanelo atatu, gitala imodzi, limba imodzi, mawu a mkazi wanga imodzi. Awiri omaliza, seveni ndi eyiti, anatsala opanda ntchito.

Woimba gitala wathu tinkamutcha Zala. Anali mnyamata wa zaka ngati makumi atatu, wamtali, wokonda kuchedwa koma wosapsa mtima. Ine ankanditcha achimwene, mkazi wanga alamu. Bokosi latsopanoli linachititsa kuti aziimba onse pamodzi m'chipinda chimodzi, ine ndili kuseri kwa galasi. Apa m'pamene ndinayamba kuona zimene kale sindinkaona. Mkazi wanga akakweza mawu, gitala inkamutsatira ngati ikudziwa kumene akupita. Akamaliza ankayang'anana n'kuseka.

"Alamu, pamenepo mwathawa ngati mwaona galu!"

"Iwe ndi amene umatsalira, zala zakozo zakalamba!"

Zinali zantchito chabe. Aliyense wodziwa nyimbo amadziwa kuti oimba osayang'anana saimba bwino. Ine ndinkadziwa kuposa onse.

Tsiku lina woimba ng'oma, munthu amene pakamwa pake sipankauma, anatsalira akupinda mawaya.

"Injiniya, mahedifoni aja muzivulako nthawi zina," anatero. "Amatseka makutu."

"Ukutanthauza chiyani?"

"Ine? Palibe. Ndangoti awiri aja amagwirizana bwino. Mwina n'chifukwa cha nyimbo." Anatuluka akuimba mluzu.

Anthu inu, miseche ili ngati ntchentche, imatera pamene pali kale bala. Akanapeza mtima wanga uli wabwino, mawu akewo akanagwa pansi. Koma anaupeza utayamba kale kununkha.

Kuyambira pamenepo oimba akapita ndinkatsala, n'kudina kabatani kaja pa tchanelo ya mkazi wanga. Sindinkamvera nyimbo. Ndinkamvera kupuma kwake, kumeza kwake malovu, kaseko kake kapansipansi gitala ikalowa. Ndinkabwereza kaseko kamodzi kakhumi. Mwamuna wamkulu, bambo wa mwana, kukhala pampando kumafufuza mpweya wa mkazi wake ngati galu pa dzala!

Kunyumba zinthu zinayamba kuwawa.

"Umaseka chiyani ndi Zala?"

"Kuseka kwaletsedwa liti, bambo?"

"Ndi ine suseka choncho."

"Ndiseke bwanji ndi munthu amene amandiyang'ana ngati ndaba nkhuku yake? Ngati Zala akukusowetsani mtendere, muchotseni. Oimba gitala ndi ambiri."

"Eya, ndimuchotse kuti muzikakumana kumene ine kulibe!"

"Inu mukudwala," iye anatero, ndipo anakagona ndi mwana.

Akanati asachotsedwe, ndikanati ndi umboni. Atati achotsedwe, ndinatinso ndi umboni. Wansanje ndi woweruza amene amalemba chigamulo mlandu usanayambe.

Lamlungu lina masana mkazi wanga ndi mwana ali kutchalitchi, ndinapita kusitudiyo. Ndinatenga timaikolofoni tiwiri tating'ono. Kamodzi ndinakabisa kukhitchini pamwamba pa kabati, kuseri kwa zitini. Kena ndinakabisa kosungira zida, kuseri kwa zikwama za magitala. Mawaya ndinawadutsitsa kudenga mpaka ku konveta. Wakukhitchini analowa pa seveni, wosungira zida pa eyiti. Awa okha sindinamatepo kapepala. Pa kompyuta ndinamanga matchanelo awiriwo pamtolo umodzi, n'kuupinda kuti uzioneka ngati mzere umodzi, n'kulembapo kuti "zoyesera", kuti mkazi wanga akaona asafunse. Ndikamvera mtolowo, zipinda ziwiri zija zinkalira limodzi m'makutu mwanga. Ndinkajambula kuyambira m'mawa potsegula mpaka madzulo potseka.

Milungu isanu ndinamvera. Ndinamva ketulo ikuwira. Ndinamva mkazi wanga akutsuka makapu, akupempherera mayeso a mwana wathu. Ndinamva Zala akusintha nsambo za gitala, akutukwana nsambo yoduka. Choipa panalibe. Ndipo apa ndinene chimene chimandichititsa nseru koposa: tsiku lililonse ndikapeza kuti palibe, sindinkasangalala. Ndinkakhumudwa ngati msodzi wobwera chimanjamanja.

Lachinayi lina nthawi yopuma masana ndinapita kukagula mabatire. Madzulo ake nditamvera za ola limenelo, ndinamva mawu a mkazi wanga, otsika.

"Ine ndatopa nawo. Kunyumba kwasanduka kupolisi."

Kenako mawu a Zala, ofewa, amene ndinali ndisanawamvepo. "Pirira pang'ono, wokondedwa. Zitha posachedwa."

Mkazi wanga anaseka pang'ono, kuseka kokhala ngati kulira. "Mawa masana tionane. Ndili ndi zambiri."

"Mawa ndiye mawa," anatero Zala. "Ndakusowa."

Ndinavula mahedifoni. Koma mumtima, Mulungu andichitire chifundo, munali chimwemwe. Ndinali nditapeza. Chala changa chinali pafupi ndi kabatani kaja. Sindinadine.

Kunyumba sindinafunse kanthu. Ndinadya, ndinamuthokoza, ndinagona. M'mawa ndinatsegula situdiyo, ndinayatsa makina monga mwa masiku onse. Tinajambula nyimbo ziwiri. Nthawi yopuma itakwana mkazi wanga anatenga chikwama chake.

"Ndikutuluka pang'ono, ndikaonane ndi achemwali."

"Pita," ndinatero. "Uwapatse moni achemwali akowo."

Zala analowa kosungira zida kukasiya gitala, akupesa tsitsi ndi zala, akuimba chapansipansi. Ndinanyamula chitsulo choimikira maikolofoni, chija cha tsinde lolemera, n'kumutsatira. Zimene zinachitika m'menemo sindizilemba zonse. Ndinamenya katatu. Woimba ng'oma ndi amene anandigwira, akukuwa, "Injiniya, mwapenga? Mwapha munthu!" Yemwe uja wa mluzu. Zala anamwalira asanafike naye kuchipatala.

Kupolisi ndinalankhula monyada. Ndinati umboni uli mu kompyuta, pitani mukatenge. Ndinkaganiza kuti dziko likamva lidzati, mwamuna aliyense akanatero.

Tsiku la mlandu khothi linadzaza. Mbali ina kunakhala amayi ake a Zala, pambali pawo mtsikana wina amene sindinkamudziwa, atavala zakuda. Mkazi wanga anakhala kumbuyo ndi mkulu wake. Boma linaitana mkulu wogulitsa zida uja kuti afotokoze za makina. Anaika kompyuta ndi sipika patebulo, osandiyang'ana n'komwe. Poyamba analiza mtolo uja monga ndinaumvera ine. Anthu anang'ung'udza, ena anatembenuka kuyang'ana mkazi wanga. Ine ndinadzutsa mutu.

"Bwana woweruza," anatero mkuluyo, "apa pakumveka ngati anthu awiri ali pamodzi. Koma awa ndi matchanelo awiri. Ndiloleni ndiwamasule."

Anadina kabatani pa seveni. Munamveka ketulo, ndi mkazi wanga yekha. Mawu a Zala munalibe ngakhale pang'ono. Mkuluyo atakweza kwambiri, tinamva kamawu kakang'ono kotuluka m'foni, ka mzimayi: "Limba mtima, mng'ono wanga. Ubwere mawa, tikambirane." Mlamu wanga kumbuyo kuja anaphimba nkhope.

Anadina pa eyiti. Munali Zala yekha, nayenso pa foni. Nkhani yake inali ya ukwati umene unkachedwa chifukwa nyumba inali isanathe kukonzedwa. Mtsikana wa zakuda uja anaimirira, anafuna kulankhula, n'kugwa pansi. Anachita kumunyamula.

Anthu awiri, zipinda ziwiri, pakati pali khoma ndi kanjira, aliyense ali pa foni yake pa nthawi yopuma, monga amachitira antchito kulikonse. Amene anawaika pamodzi ndi ine. Ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku inali yomweyo, kutenga mawu ojambulidwa kosiyana n'kuwamveketsa ngati anthu akhala pa mpando umodzi. Ndinadzinamiza ndi luso langa lomwe.

"Kuwalekanitsa chonchi kumatenga nthawi yaitali bwanji?" anafunsa woweruza.

"Chala chimodzi, bwana."

Woweruza anatembenukira kwa ine. "Woimbidwa mlandu, batani limeneli mumalidziwa?"

"Ndimalidziwa, bwana."

"Mumaligwiritsa ntchito?"

"Tsiku lililonse. Kambirimbiri."

"Nanga tsiku limenelo?"

Yankho ndinali nalo, koma linali lonyansa kulitulutsa pagulu. Sindinadine chifukwa ndinkaopa kuti ndipeza mkazi wanga ali wosalakwa.

Sizinathere pomwepo. Makina aja ndinali nditawayatsa m'mawa wa tsiku lakupha, ndipo tchanelo eyiti inajambula zonse. Woweruza analamula kuti ailize. Tinamva chitseko, mapazi anga, kenako Zala, mawu ake ansangala:

"Achimwene, chitsulo icho n'cholemera, dikirani ndikulandireni."

Zotsatira zake amayi ake anazimva ndi makutu awo. Sanalire mokweza. Anangondiyang'ana, n'kulavulira pansi, m'khothi momwemo, ndipo palibe wapolisi amene anawaletsa.

Woweruza anati uku sikunali kupsa mtima kwadzidzidzi, popeza ndinatchera milungu isanu, ndinagona usiku wonse, ndinadzuka n'kugwira ntchito ndi munthu amene ndinali nditamuweruza kale. Anandipatsa zaka makumi awiri ndi zisanu. Pano ndatha khumi ndi chimodzi.

Mkazi wanga anabwera kundende kamodzi kokha, kudzandiuza kuti ukwati watha. Tinalankhulana pa waya wotchinga. Ndinayamba kunena kuti pepani, iye anakweza dzanja.

"Pepani wanuyo mukampatse mtsikana uja, muone ngati angamuveke diresi laukwati. Ine ndabwera ndi funso limodzi. Milungu isanu munandimvera ndili ndekha. Munamva ndikupemphera, munamva ndikulira. Simunamvepo chilichonse chokuchititsani chisoni?"

"Sindinkafuna zimenezo," ndinatero. "Ndinkafuna zina."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Chinsinsi changa chinali chimodzi chokha, chakuti ndinatopa nanu. Mukanandifunsa ndikanakuuzani pamaso." Anatembenuka, ndipo sindinamuonenso. Ndimamva kuti anasiya kuimba.

M'chipinda chathu muno timagona anthu ambiri, ndipo aliyense ali ndi womunamizira. Wina akuti ndi mowa, wina akuti ndi Satana, wina akuti ndi anzake oipa. Anyamata akandifunsa kuti, "Nanga inu madala, anakupusitsani ndani?" amayembekeza kuti nditchula makina, kapena woimba ng'oma, kapena mkazi. Ndimawauza kuti makina ananena zoona, mkazi ananena zoona, ndipo wamiseche sananyamule chitsulo. Nsanje sifufuza kuti idziwe ayi, imafufuza kuti ipeze chilolezo. Mwamuna iwe amene ukuwerenga izi uku ukusuzumira foni ya mkazi wako, tadzifunsa: ukapeza kuti mulibe kanthu, usangalala kapena ukhumudwa? Ngati ukhumudwa, usavutike kusaka wolakwa m'nyumba mwakomo. Wamupeza kale.