Nthiti ya Kumanzere

Tsiku limene Nyundo analowa m'shopu ya telala, anachita kuwerama pakhomo, kenaka phewa lake n'kugwetsa chidole chovekapo madiresi. Munthu woti dziko lonse limamudziwa, mwini lamba wa nkhonya za zimphona, anaima pakati pa nsalu akupepesa chidole!

"Chisiyeni, sichikwiya," anatero telalayo, mtsikana wochepa thupi, osadzutsa n'komwe mutu pamakina. "Tikuthandizeni chiyani, bambo?"

"Mkanjo wolowera m'bwalo la nkhonya. Kodi simukundidziwa?"

"Ndikukudziwani. Ndinu amene mwagwetsa chidole changa."

Nyundo anaseka mpaka misozi. Kuti amuyeze mapewa, mtsikanayo anachita kukwera pampando, mapini ali kukamwa. Mawu ake anali obaya, ndiye Nyundo anamutcha Singano, dzinalo n'kukhazikika.

Mkanjo unatha, koma maulendo a Nyundo sanathe. Lero batani lathothoka, mawa thumba labooka. Mabataniwo ankathothola yekha ali m'galimoto, ndipo Singano ankadziwa.

"Ine anthu a nkhonya ayi," anatero Singano tsiku lina. "Magazi ndachapa okwanira. Kwathu kuli achimwene okonda ndewu."

Nyundo sanafunse zambiri. Munthu akagwa m'chikondi, makutu amangotola zokoma.

"Singano wanga, uchi wa mtima wanga," analemba pafoni. "Zimphona zonse zalephera kundigwetsa, iwe wandigwetsa wopanda golovesi."

"Dzukatu, refa akuwerenga," linabwera yankho. Patangopita kanthawi linabweranso lina: "Ndakusowa, chimphona changa."

Kenaka nkhani inamveka paliponse: lamba wa Nyundo akumufuna mnyamata wina waukali wotchedwa Namondwe, amene anali asanagonjepo. Kuyambira pamenepo mauthenga a Singano anayamba kufupika. "Chabwino." "Ndatanganidwa." Nyundo anangoti wokondedwa wakeyo akumuopera.

Pokonzekera nkhonyayo, mnzake woyeserera naye anamupeza m'nthiti ya kumanzere. Dokotala anati fupa silinathyoke, akhoza kumenya, koma nkhonya yolunjika pamenepo idzamugwaditsa. Kochi wake, mkulu wadazi wosadziwa kuseka, anamuloza chala.

"Izi zithere muno. Namondwe akangozimva, lamba wapita. Ngakhale mayi ako usawauze."

Sanauze munthu. Koma tepi ya telala sungainamize. Nyundo atapita kukayezetsa mkanjo watsopano, Singano anazunguliza tepi pachifuwa n'kukoka, Nyundo n'kubuula.

"Wavulala."

"Ayi, ndangotopa..."

"Usandinamize." Anaika chala penipeni. "Apa."

Nyundo anaulula zonse. "Tsopano lamba wanga ali m'manja mwako, wokondedwa."

Singano anayang'ana kumbali, misozi ili lengelenge. "Bola ndikanapanda kudziwa," ananong'ona. "Nyundo, pali zimene ndiyenera kukuuza..."

"Udzandiuza ndikapambana. Ndipo ndikulonjeza: belu lomaliza likadzalira, woyamba kumukumbatira udzakhala iwe."

"Inenso ndikulonjeza," anatero Singano. "Za nthitiyi sizidzatuluka pakamwa panga."

Pa nkhonya pali lamulo lake. Akamakumanga mabandeji m'manja, mdani wako amatumiza munthu wake kudzaonerera, kuopa kuti ungabisemo cholimba. Tsiku la nkhonya litafika, Nyundo anali pabenchi m'chipinda chovalira, dzanja lili pamsana pa mpando, kochi akukonza mabandeji. Chitseko chinatseguka.

"Woonerera wa Namondwe wafika," anatero mkulu woyang'anira nkhonyayo. "Ndi mlongo wake. Ndiye amamumanga manja chiyambire."

Nyundo anadzutsa mutu. Singano! Atavala jekete lofiira, dzina la Namondwe lili pachifuwa!

Mtima unamupweteka kuposa nthiti. Achimwene okonda ndewu aja ndi amenewa? Kuseka konse kuja, mauthenga onse aja, zinali za ntchito?

"Ndinayesa kukuuza," anatero Singano.

"Ndiye tepi ija inkayeza mkanjo, kapena inkafufuza pomenya?"

"Sindinanene kanthu! Mulungu ndi mboni!"

"Onererani manjawa, mayi. Ndi zimene mwabwerera."

Mayi! Mawu amenewo anamugwetsa nkhope Singano. Anaonerera mpaka bandeji yomaliza, misozi ikugwera pajekete, n'kutuluka. Kochi anayang'ana Nyundo kwa nthawi yaitali.

"Za nthiti akudziwa?"

Nyundo anavomera ndi mutu.

"Watipha iwe," anatero kochi.

Belu linalira, chinamtindi cha anthu chikukuwa. Nyundo anamatiza chigongono pa nthiti ija, osachisuntha. Koma bulangeti lalifupi ukafunda kumiyendo, mutu uli pamtunda. Nkhope inatsala poyera, ndipo Namondwe anaipeza. Phaa! Phaa! Diso linayamba kutupa, mlomo unang'ambika. Popuma, Nyundo ankasuzumira kona ya mdani wake, n'kuona Singano atagwira botolo la madzi, maso ali pansi.

Nkhonya itafika pakati, kochi anamuthira madzi kumutu n'kumugwira makutu onse awiri.

"Tamvera iwe! Mnyamatayu nkhonya zake zonse zikupita kumutu. Ukutseka khomo limene palibe akugogoda!"

"Akudikira mpata, Kochi."

"Akudikira kuti umere imvi? Munthu wodziwa za nthiti bwenzi atakugwaditsa kalekale!"

Mawuwo anamulowa. Nanga ngati Singano ananena zoona? Njira yodziwira inali imodzi yokha, ndipo inali yoopsa. Belu litalira, Nyundo anakweza chigongono dala, nthiti n'kutsala pambalambanda. Ngati mtsikanayo anaulula, lamba ndi chikondi zitha pomwepo, iye atagwada.

Namondwe analumpha. Nkhonya inadutsa kukhutu.

Nyundo anatsegulanso. Namondwe anaponyanso kumutu, nthiti osaiyang'ana n'komwe.

Sakudziwa! Mnyamatayu sakudziwa!

Anthu a pafupi ndi zingwe anadabwa kuona munthu wotupa diso akumwetulira. Chimwemwe chinamupatsa mphamvu zimene kochi sanamuphunzitsepo. Dzanja lamanzere, limene linakhala mlonda nthawi yonseyi, linayamba ntchito yake. Namondwe analimba ndithu, mwana wamwamuna, anabweza mpaka miyendo inamukana. Koma nyundo ikatera yatera. Anagwa chagada, refa n'kuwerenga mpaka kumapeto.

Bwalo lonse linaphulika. Kochi, amene sanasekepo chibadwire, anathamanga manja ali tambasu.

"Pepani Kochi," anatero Nyundo akumutchinga ndi golovesi. "Ndinalonjeza munthu."

Anakana onse ofuna kumukumbatira, atolankhani anawasiya akukuwa. Lamba ali paphewa, anakagogoda kuchipinda cha wogonja. Namondwe anali pabenchi, ayisi ali patsaya, mlongo wake akumudula mabandeji ndi sizasi.

"Singano wanga," anatero Nyundo. "Ndikhululukire. Ndinakukayikira."

Singano sanatembenuke. "Si paja ndine mayi?"

"Pakamwa panalakwa. Mtima sunakutchulepo choncho."

Sizasi inaima. "Inenso ndinakubisira. Ndinkaopa kuti ndikanena nditaya mmodzi wa inu. Nkhonya iliyonse lero imagwera ine, ya uku ndi ya uko."

"Tadikirani kaye," anatero Namondwe, akuyang'ana uyu ndi uyo ndi diso limodzi lotsalalo. "Anthu inu mumadziwana?"

"Sanakuuzenidi za nthiti?" anafunsa Nyundo.

"Nthiti yanji?"

Nyundo anatsegula mkanjo n'kuloza. Namondwe anayasama, ayisi n'kugwa pansi.

"Iwe! Mimba imodzi ife! Lamba wa dziko lonse, iwe uli phee?"

"Lamba wakuba sakanakukhalani bwino, achimwene," anayankha Singano. "Ine ndine telala, ndimadziwa."

Namondwe anafuna kukwiya, koma kuseka kunamupambana, tsaya n'kumupweteka. "Mayo! Chabwino. Koma inu alamu, nthitiyo ikapola tibwerezanso. Ndipo mukadzamuliza ameneyu, sindidzadikira belu."

Alamu! Nyundo anaika lamba pabenchi n'kutambasula manja. Singano anamugwera pachifuwa akulira.

"Pang'onopang'ono, uchi wanga, nthiti!"

"Zikuyenera," anatero Singano, koma anafewetsa manja.

"Tepi uli nayo?"

"Mkanjo winanso?"

"Suti. Yaukwati. Ndi diresi loyera la msinkhu wako, ngati mwini shopu angalole."

Singano anamuyang'ana, n'kuyang'ananso achimwene ake, amene ankanamizira kufunafuna ayisi pansi. Kenaka anapisa dzanja m'thumba la jekete lofiira lija n'kutulutsa tepi. Anakwera pabenchi monga tsiku loyamba.

"Imani bwino, bambo," anatero, misozi ndi kuseka zili pamodzi. "Walola."

Anayeza mapewa, anayeza mikono. Atafika pachifuwa, mbali ya kumanzere, tepiyo sanaikoke.