Mpichesi wa Mazol Unasamuka

Mazol ankakhala mumzinda wa Samarkand. Iye anali ndi mtengo wa mapichesi. Anaudzala yekha. Ankafuna kulawa chipatso chake.

Koma Mazol anali Myuda, ndipo Ayuda ali ndi lamulo. Mtengo ukadzalidwa, zipatso zake sizidyedwa kwa zaka zitatu.

Mazol anadikira chaka choyamba. Anadikira chachiwiri. Anadikira chachitatu.

Kenaka kunabwera anthu okonza msewu. Anagwetsa nyumba ya makolo a Mazol. Banja linasamuka. Mtengo nawo unasamuka.

Pa nyumba yatsopano, mtengo unabala. Mapichesi anapsa psuu! Mazol anatambasula dzanja.

"Ima kaye, Namadyo!" anatero Neriyo, mchimwene wake. "Mtengowu unadzalidwanso. Yambiranso kuwerenga. Zaka zina zitatu!"

"Bodza, achimwene!"

"Kaya. Ukadzalawa udzakhala utamera imvi."

Mazol anayang'ana pichesi. Linkanunkhira bwino. Koma anabweza dzanja.

Anathamangira ku sunagoge. Anapeza a Rabi Pinhos, aphunzitsi a malamulo, akumwa tiyi pakhonde.

"A Rabi, mtengo wanga unasamuka. Kodi ndiyambirenso kuwerenga?"

A Rabi anaika kapu pansi. "Funso labwino, mwanawe. Kodi mtengowo unasamuka ndi dothi lake?"

"Dothi?"

"Eya. Ngati mizu inabwera yopanda dothi, ndi mtengo watsopano. Ngati inabwera ndi dothi lokwanira kuusunga wamoyo, ndi mtengo womwe uja."

Mazol anaganiza. Tsiku losamuka iye anali kusukulu. Akanatha kungoti eya. A Rabi sakanadziwa.

"Sindinaone," anatero motsitsa mawu.

"Ndiye kafunse amene anakumba."

Mazol anathamanganso. Bambo ake anali ometa tsitsi. Anawapeza akusesa tsitsi pansi.

"Ababa, mtengo wanga unabwera ndi dothi lake?"

Bambo anasiya kusesa.

"Unabwera nalo," anatero. "Wilibala yodzaza. Tayala linapindika panjira. Anthu ankandiseka. Ankati, 'Iwe Gavriel, kumene ukupitako kulibe dothi?'"

"Nanga munalinyamuliranji?"

Bambo anayang'ana kunja. Pamsewu watsopano pankadutsa mabasi.

"Ndinabadwira pabwalo lija," anatero. "Khoma sindikanalinyamula. Chitsime sindikanachinyamula. Dothi lokha ndi limene ndinatha."

Mazol anawagwira dzanja. Anapita limodzi kwa a Rabi.

"Wilibala yodzaza?" anafunsa a Rabi.

"Yodzaza," anatero bambo. "Msana ukupwetekabe."

A Rabi anaseka. "Ndi mtengo womwe uja. Zaka zitatu zakwana. Kadye, mwanawe."

Kunyumba, Mazol anathyola pichesi lalikulu. Amayi anabweretsa mpeni. Analidula panayi.

"Inenso?" anafunsa Neriyo.

"Inunso, achimwene. Koma kachidutswa kakang'onoko."

Onse anaima pansi pa mtengo. Mazol ananena dalitso la chipatso chatsopano. Anathokoza Mulungu powasunga ndi moyo. Anathokoza powafikitsa tsiku limeneli.

"Ameni," anatero onse.

Mazol analuma. Madzi anayenderera mpaka pachibwano. Linali lotsekemera!

Bambo anatafuna pang'onopang'ono. Anatseka maso.

"Likukoma bwanji, ababa?"

"Likukoma ngati kwathu," anatero bambo. "Thyola lina, mwana wanga."