Dzira la M'thumba la Kanyerere

Panali mtsikana wina. Onse ankamutchula kuti Kanyerere. Sankayenda chimanjamanja. Lero wanyamula ndowa. Mawa wanyamula tsache.

Kanyerere anali ndi mlongo wake wamng'ono. Ankamutchula kuti Bwana, chifukwa ankangokhala pampando. Kanyerere ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kuti Bwana azimuthamangitsa.

"Bwana, dzuka undigwire," ankatero.

Bwana ankangomuyang'ana. Miyendo yake inali yowonda. Ankatopa msanga. Kanyerere zinkamuwawa mumtima.

Amayi awo ankamukonda kwambiri Bwana. Anali ndi nkhuku kuseri kwa nyumba. M'mawa ankatola mazira. Ankagulitsa onse. Kenako ankagula mabisiketi ndi zakumwa zotsekemera.

"Idya, mwanangu. Ana a anthu olemera amadya zimenezi."

Bwana ankadya. Koma kunenepa ayi. Kuthamanga ayi.

Tsiku lina kunabwera a Telala, aneba awo, tepi yoyezera nsalu ili m'khosi. Anati amayi a m'deralo amakumana Loweruka m'chipinda chawo chosokera. Amaphunzitsana kuphika chakudya chopatsa thanzi. Aliyense amabwera ndi chimene ali nacho kunyumba.

Loweruka linafika. Amayi anamubereka Bwana. Anatenga paketi ya mabisiketi. Inali yonyezimira bwino.

Nanga Kanyerere, si mukumudziwa? Akanapita chimanjamanja? Anasuzumira m'khola. Munali dzira limodzi lofunda. Analiika m'thumba la diresi. Anayenda pang'onopang'ono ngati wasenza ndowa yodzaza.

M'chipinda muja munali amayi ambiri. Makina osokera anawakankhira kukhoma. Pakati panali tebulo. Patebulo panali mbale zitatu zazikulu.

A Telala analoza mbale imodziimodzi. Iyi ndi ya zopatsa mphamvu. Iyi ndi ya zoteteza ku matenda. Iyi ndi ya zokulitsa thupi.

Ena anaika mpunga ndi mbatata m'mbale yoyamba. Ena anaika masamba ndi matimati m'mbale yachiwiri. Amayi a Kanyerere anatulutsa mabisiketi. Anayang'ana mbale iyi. Anayang'ana mbale iyo.

"Nanga awa ndiike pati?"

A Telala anayankha mofatsa. Anati mabisiketi amakoma ndithu. Koma amangodzaza mimba. Sakulitsa mwana.

Amayi anawerama. Manyazi anawagwira. Anatola chikwama kuti azipita. Koma abale, manyazi ndi chinthu choipa!

Mbale yachitatu inalibe kanthu. A Telala anafunsa amene wabweretsa nyemba, mkaka kapena mazira. Palibe amene anabweretsa. Kenako wina anati nyemba anagulitsa. Wina anati mkaka anagulitsa. Wina anaphulika kuseka. Basi onse anaseka, chifukwa onse ankachita zomwezo.

Kanyerere anakoka amayi ake dzanja.

"Amayi, dikirani kaye."

Anapisa m'thumba. Dzira lija linali bwinobwino. Analiika m'manja mwa amayi ake.

"Ikani ndinu," anawanong'oneza.

Amayi anaika chikwama pansi. Anaika dzira m'mbale yachitatu. Amayi onse anawomba m'manja.

"Amake Kanyerere," anatero a Telala, "mankhwala a Bwana ali m'khola mwanu."

Anaphika phala pomwepo. Anasweramo dzira. Anathiramo masamba osinja. Bwana anakwinya nkhope. Analawa pang'ono. Anaganiza kaye, monga amachitira mabwana. Kenako anatsegulanso kukamwa.

Kuyambira pamenepo, dzira loyamba linali la Bwana. Lachiwiri linali la Kanyerere. Otsala okha ndi amene ankagulitsa.

Loweruka lililonse ankapita kwa a Telala. Mbale yachitatu inayamba kudzaza. Amake Kanyerere anaphunzira kusapsereza masamba. Anaphunzira kuthira nyemba zosinja m'phala. Pakabwera mayi watsopano, amene ankaloza mbale anali iwowo.

Bwana sanasinthe tsiku limodzi. Kanyerere anadikira. Anadikirabe. Masaya a Bwana anayamba kudzaza. Anayamba kutsika pampando.

M'mawa wina Kanyerere ankayanika zovala. Anangomva kadzanja kumsana kuti pha!

"Ndakugwira."

Anali Bwana.

Kanyerere anataya beseni. Anayamba kuthawa. Bwana anali pambuyo, liwiro la mtondo wadooka. Nkhuku zinabalalika. Zovala zinagwera m'fumbi.

Amayi anatuluka kuti akalipe. Anayang'ana zovala. Anayang'ana Bwana. Mawu okalipa anawathawa. Anaseka mpaka misozi.

"Mugwire, Bwana," anatero amayi. "Mugwirenso."