Njala ya Ababa

"Ababa, yankhulaninso. Kwezani mawu pang'ono," anatero Changu atayandikitsa foni pakamwa pa bambo ake. Koma maso ake anali pa wotchi ya pakhoma.

Bambowo anakwinya nkhope, mitsempha ya pakhosi n'kuima. Chomwe chinatuluka chinali "aa... ala." Basi. Munthu amene kwa zaka zambiri ankameta anthu pakona ya msewu, lumo lili m'manja nthabwala zili pakamwa, mpaka makasitomala kuiwala kuti akuthamangira kuntchito, lero liwu limodzi lokha linkawatulutsa thukuta. Sitiroko ilibe chisoni, abale. Inawapha dzanja ndi mwendo wa kumanja, n'kuwamanganso lilime.

Dzina loti Changu anamupatsa ndi iwo omwe, poti mwanayu chibadwire sankadziwa kuyenda, ankangothamanga. Tsopano anali m'chaka chomaliza kuyunivesite, komwe ankaphunzira za deta ndi nzeru za makina, ndiko kuphunzitsa kompyuta kuzindikira zinthu poionetsa zitsanzo zambirimbiri. Anzake ankapanga mapulogalamu olosera nyengo ndi kuchulukana kwa magalimoto. Iye anasankha zake: pulogalamu ya pafoni yomva mawu a bambo ake n'kunena zomwe akufuna. Maganizo abwino, palibe angatsutse. Koma zabwino zimafuna nthawi, ndipo nthawi ndi yomwe Changu ankati alibe.

Ntchito yake inali kujambula mawu, kuwadula tizidutswa, n'kulemba tanthauzo pa kachidutswa kalikonse. Kompyuta payokha ndi mbuli. Ukaiuza kuti phokoso ili ndi "madzi", imagwira zomwezo osasiya. Mawu ena anali osavuta chifukwa bambowo ankaloza ndi dzanja lamanzere: kapu, zenera, bulangete. Koma pa "ala" sankaloza kanthu. Ankangomuyang'ana iyeyo.

"Ala... njala," anaganiza Changu. "Munthu wogona tsiku lonse angafunenso chiyani?" Analemba "njala", n'kupitirira.

Kenako anatulukira njira yachidule. N'kukhaliranji m'chipinda chonunkha mankhwala kudikira munthu amene liwu limodzi limamutengera nthawi yonseyo? Ankaika foni pampando wa pafupi ndi bedi, n'kuisiya ikujambula, iye n'kukakhala pabalaza ndi laputopu yake. Akabwera kudzaitenga, ankadula phokoso loyamba lomveka bwino, zotsalazo osazimvetsera n'komwe.

Tsiku lomwe pulogalamu inayamba kugwira ntchito, Changu analumpha ngati kamwana. Bambo ake atangoti "ala", foni inayankha ndi mawu osalala a mzimayi: "Ndili ndi njala." Anathamangira kukhitchini, nabwera ndi tiyi ndi buledi, n'kuika pampando paja.

"Idyani, ababa. Ine ndachedwa, kalasi yayamba kale."

Bambowo anayang'ana buledi, anayang'ana mwana wawo, kenako anatembenukira kukhoma.

Zinapitirira choncho. Amayi ake, omwe ankagwira ntchito yochapa ndi kusita zovala kuhotela, ankafika madzulo miyendo itatupa n'kupeza buledi atauma pambale, ntchentche zikuchita phwando.

"Kodi bambo akowa ukuwaunjikira chakudya bwanji? Sakudya," anafunsa tsiku lina akuvula nsapato.

"Amanena okha kuti ali ndi njala. Ndikawapatsa, akukana. Matendawa awasokoneza mutu."

"Kwa ine sananenepo za njala."

"Amayi, makina sanama."

Amayiwo analibe mphamvu zokangana ndi mwana wa kuyunivesite. Anangolowa kuchipinda, n'kukhala m'mphepete mwa bedi monga ankachitira tsiku lililonse, akusisita phazi la amuna awo.

Itakwana nthawi yoonetsa ntchito kwa aphunzitsi omuyang'anira, Changu anapita mapewa ali m'mwamba. Anaonetsa kuti pulogalamu yake siinkaphonya pafupifupi liwu lililonse. Aphunzitsiwo, mayi wosakonda kuseka, anatsitsa magalasi pamphuno.

"Matanthauzowa analemba ndani?"

"Ndine, aphunzitsi."

"Munadziwa bwanji kuti akunena zimenezo?"

"Ndi bambo anga."

"Sindinafunse kuti ndi bambo a ndani. Munawafunsa? Anavomera, kaya ndi mutu kaya ndi diso?"

Changu anayang'ana pansi.

"Ndiye kompyuta yanuyi siikumva bambo anu. Ikumva inuyo. Mwaiphunzitsa zongoganizira zanu, ndipo ikukubwezerani zomwezo mwaulemu. Pitani mukamvetsere zonse zomwe munajambula, osati tizidutswa. Mukakhale nawo pansi muwafunse liwu ndi liwu."

Anatuluka mtima uli fuu! Mayi uyu akudziwa chiyani za kwathu? Komabe anadziuza kuti achita, kungoti osati lero, lero kuli mayeso. Mawa lake kunali ntchito ya pagulu. Mkuja anatopa. Sabata inatha foni isanalowenso m'chipinda cha bambo ake.

Amayi anaimba foni iye ali m'kalasi. Sitiroko yachiwiri. Kuchipatala adokotala sanazungulire: moyo wapulumuka, koma mawu asawayembekezerenso, ndipo n'zovuta kudziwa ngati akumva zonenedwa. Anabwera nawo kunyumba atawanyamula ngati katundu. Ngakhale "ala" uja anapita. M'chipindamo munangoti zii.

Pulojekiti inali ikudikirabe, ndipo zojambula zatsopano kunalibe kozitenga. Masana ena amayi ali kuntchito, Changu anakhala pabalaza, navala zomvetsera m'makutu, n'kutsegula chojambula chimodzi chathunthu, kuyambira poyamba.

Anamva mawu ake omwe, othamanga: "Ababa, foni ndaisiya apa, muzingoyankhula." Mapazi. Chitseko kutsekeka. Kenako "ala... ala," pomwe iye ankadulira. Ulendo uno sanadule. Kunamveka wotchi ya pakhoma ndi kupuma kolemera. Patapita nthawi, kukhosi kwa bambo ake kunayamba kukwecha ngati munthu wokoka kabati pasimenti.

"Kh... kh..."

Anasiya, napuma, nayambiranso.

"Kha... la. Khala... Cha... ngu."

Changu anaimitsa. Anatsegula chojambula china. Chitseko kutsekeka, kupuma, kulimbana kuja, mpaka liwu kutuluka lathunthu m'chipinda mopanda munthu. Anatsegula china, n'chinanso. Zomwezo. M'chimodzi, atatha kunena, anamveka akudikira, kenako kabedi kanalira pomwe ankatembenukira kukhoma. Kalanga ine! Liwu lomwe ankalifunafuna ndi makina linali mufoni mwake nthawi yonseyi, ndipo silinkafuna kompyuta ayi. Linkangofuna munthu wosatuluka msanga.

Analira, kulira kwenikweni kopanda manyazi, mamina ali chuchuchu. Anadzida. Anakumbukira mbale zonse za buledi zomwe anaika pampando womwe bambo ake ankamupempha kuti akhalepo.

Anapukuta nkhope ndi malaya, natseka laputopu, n'kulowa kuchipinda. Bambowo anali chagada, maso ali kudenga, pakamwa patapendekeka. Changu anachotsa mabotolo a mankhwala pampando, naukokera pafupi ndi bedi. Anagwira dzanja lawo lamanzere, lija linkaloza. Linali lofunda koma lolemera, silinamugwire.

"Ababa," anatero chapansipansi, "ndamva. Ndakhala."

Foni inalira pabalaza, mwina anzake a m'kalasi, ndipo anaisiya mpaka inatopa yokha. Anawauza bambo ake za aphunzitsi osaseka aja. Anawauza kuti pamalo pawo pometera pabwera mnyamata amene amameta anthu ali duu ngati pamaliro, ndipo makasitomala akudandaula. Anadikira kuti mwina kona ya mlomo igwedezeka. Siinagwedezeke.

Dzuwa linachoka pazenera, amayi anafika n'kuima pakhomo nsapato zili m'manja. Changu sanadzuke. Anabwerezanso, mokweza pang'ono, kuti wakhala. Bambo ake anapitiriza kuyang'ana kudenga.