Tsiku Limene Malemu Anavota

M'nyumba ya mphunzitsi wopuma pantchito munali mtendere, ngakhale mayi a m'nyumbamo anali atamwalira miyezi isanu yapitayo. Bamboyo ankapukutabe tebulo la mkazi wake m'mawa uliwonse, ndipo foni ya malemu ankaitchajabe. Mwana wawo mmodzi yekhayo, amene anzake ankamutcha Liwiro chifukwa cha zala zake pakompyuta, sankachoka pakhomo asanapemphere ndi bambo ake.

Liwiro anali m'gulu la anthu odzipereka okonza pulogalamu yaulere yowerengera anthu osaona zolembedwa pafoni. Aliyense ankaloledwa kuona m'kati mwake ndi kuikonza. Lamulo la gululo linkati amene watumikira chaka chathunthu ali ndi voti, kaya amalemba pulogalamu, kaya amamasulira mawu, kaya amangoyesa ngati zikugwira. Mayi ake anali womasulira, ndipo dzina lawo linali likadali pamndandanda. Palibe amene analimba mtima kulifufuta.

Kuntchito kwake kunali mnzake wa m'gulumo, Jekete, amene sankavula jekete ngakhale kutenthe bwanji.

"Aise, tizilamulidwa mpaka liti ndi agogo osadziwa n'kuzimitsa kompyuta komwe?" anatero Jekete. "Thukuta lathu, voti yawo? Tisinthe lamulo, azivota olemba pulogalamu okha. Mtsogoleri ukhala iweyo."

Mawu omalizawo anamukoma Liwiro. Atawafotokozera bambo ake, iwo anavula magalasi.

"Amayi ako sanalembepo pulogalamu, koma akalankhula ankamvedwa. Ukawatseka pakamwa anthu amenewa, adzakuuza ndani ukalakwitsa?"

"Zinthu zinasintha, ababa," anayankha akutuluka.

Loweruka masana, tsiku lotseka mavoti osintha lamulo lija, Jekete anaimba foni.

"Tafanana, makumi awiri uku, makumi awiri uko. Kwatsala mphindi khumi. Kompyuta ya masteni ilipo?"

"Ilipo. Koma aise, amayi anamwalira."

"Ndiye akakusumira kuti? Voti ndi yachinsinsi. Fulumira!"

Liwiro analowa m'chipinda cha malemu monyang'ama. Kompyuta inayaka, dzina la mayi ake lili chitsegukire. Zala zija zinadina, voti n'kupita m'dzina la malemu.

Nthawi yomweyo pabalaza panalira foni, kulira kumene sanakumve kwa miyezi isanu. Anakhala chiimire kuseri kwa chitseko, akumva bambo ake akulankhula motsitsa mawu. Atatuluka, anawapeza atagwira foni ya malemu ndi manja awiri.

"Tawerenga, mwanawe."

Uthengawo unkati: Zikomo povota.

"Akuba alowa m'dzina la amayi ako," anatero bamboyo.

"Ndi makina chabe, ababa. Zisiyeni."

"Ndisiye? Ndamuimbira kale mlembi wa gulu."

Madzulo asanakwane, mlembi analembera mamembala onse kuti zotsatira zaimitsidwa, ndipo akufufuza kompyuta imene inaponya votiyo. Liwiro anaimbira Jekete.

"Ine ndinagwira kompyuta ya munthu? Usandiimbirenso, aise."

Panapita masiku atatu. Foni iliyonse ikalira, Liwiro ankaganiza kuti ndi mlembi. Akadutsa pachithunzi cha mayi ake, ankayang'ana pansi.

Tsiku lachinayi anamva ndodo ikugogoda masitepe, go, go, go. Anali mlembi, mayi wosaona, mnzawo wa malemu wa zaka zambiri. Anakana mpando.

"Bambo, pepani. Voti ija inachokera m'nyumba muno."

Bamboyo anayang'ana mwana wake nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa mlendo.

"Lembani kuti ndine. Ndinamusowa mkazi wanga, ndinaseweretsa kompyuta yake."

Liwiro anali asanawamvepo bambo ake akunama. Anagwa chogwada.

"Ayi, amayi! Ababa sadziwa n'poyatsira pomwe. Ndine!"

Mlembi analozetsa nkhope kumene kunachokera mawuwo.

"Mwanangu, ukudziwa amene akanalandidwa voti tsiku lija? Ine. Ndiponso amayi ako, akanakhala moyo. Wawaponyetsa voti yodzithamangitsa okha."

Lamulo la gulu linkapatsa wolakwa ufulu wolankhula asanaweruzidwe. Pamsonkhano, Liwiro anaima pamaso pa omasulira ndi oyesa aja. Anangoti, "Ndinaba." Anthu omwewo amene iye ankafuna kuwalanda voti ndiwo anavota: anamulanda makiyi onse olowera m'pulogalamu, n'kumuchotsa m'gulu zaka zisanu. Jekete anakweza dzanja poyamba.

Bambo ake sanamukalipire. Anangotseka chipinda cha malemu ndi loko, kiyi n'kumayenda naye m'thumba mpaka tsiku la imfa yawo.

Achinyamata, pantchito ya anthu onse, mawu a mnzako si ako, kaya ali moyo kaya anapita. Ukawaba, luso lako silidzakupulumutsa, ndipo woyamba kulira ndi amene amakukonda.